Kamthenga

Ku Trondheim, tsiku loyamba la mwezi,
Ragnhild amatulutsa jakisoni m'firiji,
pambali pa batala,
kumudikira afunde,
n'kudzibaya pantchafu, osaphethira.

Dokotala anamujambulira kuseri kwa envulopu:
mtsempha wakunkhope umatuma kamthenga,
kakafika, njira za magazi zimayasama,
ching'alang'ala n'kuyamba kusula m'diso lamanzere.
Mankhwalawa akuti ndi alonda.
Salowa mu ubongo.
Amangokagwira kamthengako pachipata,
kalata idakali m'manja.

Tsopano makatani ngotsekula.
Lachiwiri anachuna mapiyano atatu,
osakabisala m'bafa mumdima.

Koma podikira basi pa chipale chofewa
zala zimayera ngati makandulo,
ndipo amadzifunsa:
kamthenga kaja,
mwa makalata onse kamanyamula,
kodi munalibe ina yonena kuti
tsegulani, kunja kwazizira?