Chipsera cha Ndudu

Anazibweretsa m'matumba a mbatata ya kachewere,
ng'oma zinayi pa njinga ziwiri za kabaza,
nkhungu ya pa Lizulu isanachoke pamsewu.
Ine ndinali ndikupala chivundikiro cha bokosi la maliro.
Anati, "Ndine Esinala, mwana wa a Gwaza a bandi aja.
Denga ladontha zaka zisanu ndi chimodzi
ife osadziwa kuti likudonthera apa."

Ndinamasula zingwe.
M'yaikuluyo nkhuku inali itaikiramo mazira.
Khungu lake lofiira, lija linkathwanima
mu holo ya ku boma tili anyamata,
linali litasupuka ngati khungwa la bulugamu.
Zing'onozing'onozo vanishi atachita mbuu,
ming'alu ngati chidendene cha mlimi mu Okutobala.

Ntchito yanga ndi ya anthu opita.
Vanishi wanga amawala tsiku limodzi, kenako dothi.
Komabe ndinati zisiyeni.

Mabawuti ndinawaviika m'chitini cha palafini,
lililonse nditalemba ndi pensulo kabowo kake,
poti chitsulo chokalamba sichigona m'nyumba ya mnzake.
Dzimbiri ndinalikwecha ndi ndimu ndi mswachi wotha.
Posupukapo ndinalowetsa guluu ndi nthenga,
n'kuyala nsanza, n'kusita ndi simbi ya makala,
yofunda chabe, poti ikapsa mtima pulasitiki amakwinyika,
n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga,
n'kudikira.
Kudikirako ndiye ntchito.
Kuno mu Juni vanishi sauma, amangokuyang'ana.
Ukamufulumiza amachita ng'ala.

Sandipepala wofewa, wonyowetsa pang'ono,
kutsata komwe mtengo unkalowera uli moyo.
Tsiku lachinayi ndinachipeza
m'mphepete mwa ng'oma ya kumanzere:
chipsera chakuda, chachitali ngati chala,
pomwe ankasanjika ndudu nyimbo ikafika pothina,
n'kuiwala.
M'munsi mwake utoto unatha, thabwa lili see,
pomwe bondo lawo linkakhudza
pa Biriwiri, pa Tsangano, m'maukwati a tsidya la malire
kumene ankawalipira mbuzi.
Apo ndinazungulira.

Loweruka Esinala anabwera, anati, "Apa mwaiwala."
Ndinati sindinaiwale.
Anati, "Ndikufuna zioneke zatsopano.
Akugula ndi a mpingo, ndalamayo ndi fizi ya mwana."
Ndinasowa choyankha. Fizi ndi fizi.
Ndinatola sandipepala waukali uja n'kumuika m'manja mwake,
ndinati palani nokha, sizitha mphindi ziwiri.

Anangoima.
Malole a kabichi akubuula pachitunda.
Anagoneka chala pachipseracho, chinakwana ndendende.
"Amayi ankadana naye fodya ameneyu," anatero,
n'kuseka pang'ono,
n'kupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.
Kenako anapala.
Anapala ngati mphika wopserera,
utuchi wakuda ukugwera pamapazi ake,
mpaka thabwa linayera.

Ndinapaka katatu, masiku atatu otalikirana,
chitseko chotseka kuopa fumbi la pamsika.
Anyamata a kwaya anabwera atavala mataye,
anagogoda apa, anagogoda apo,
anadula mtengo ndi masauzande asanu, analipira.
Palibe chomwe anaona.

Koma pokweza m'galimoto ng'oma ija inapendekera kudzuwa,
ndipo pansi pa vanishi wanga,
mkati mwenimweni mwa thabwa,
munali kamthunzi kofiirira, kachitali ngati chala.
Moto uja unalowa kuposa pomwe tinafika.

Esinala anali akuwerenga ndalama, mutu pansi.
Kaya anaona, sindinamufunse.
Pakhomo panali pataima anthu a kwa Masasa
ndi bango loyezera m'manja,
akufuna bokosi dzuwa lisanapendeke.
Ndinapukuta manja n'kukatola thabwa.