Kukuwira mu Mgolo

Loweruka ku Voss, chipale chatseka msewu wakumtunda.
Ndatsikira m'chipinda chapansi
ndi ndowa, mpeni, ndi nthambi za junipa zikadali zonyowa.
Mausiku asanu ndakhala ndikutembenuza odwala kuchipatala.
Lero ndikutembenuza balere.

Mphika wamkuwa ngwa bambo.
Unapindika mbali imodzi
chaka chomwe Eivind anaugwetsa pamakwerero
n'kunamizira mphaka.
Sindinauwongole. Umawira bwino chomwecho.

Madzi a junipa akatentha
nyumba yonse imanunkha nkhalango yovumbwidwa.
Ndimathira pa chimera pang'onopang'ono,
ndimavundula ndi mthiko wautali ngati nkhafi
mpaka mapewa atayamba kudandaula.
Choyezera kutentha ndili nacho, cha manambala ofiira,
ndinachigula modula,
koma ndimaviikabe chigongono
kuti ndimve ngati chikunena zoona.

Eivind waimba foni ali ku Bergen.
Solfrid, akuti, sitolo ili pakhomo pako,
botolo limodzi, mphindi zisanu,
iwe tsiku lathunthu ndi msana wakowo, ufuna chiyani?
Ndamuuza kuti thovu likusefukira, ndadula.
Silinali kusefukira.

Kenaka kudikira.
Maola anayi mphika ukubwata,
mawindo achita thukuta,
masokosi anyowa, wailesi ikunena za mphepo ya kunyanja.
Ndatsegula kope lamafuta m'mphepete
kuti ndilembe makilo ndi tsiku.
Pamwamba pa dzanja langa pali dzanja lawo,
zilembo zopendama ngati mpanda wokalamba:
wawawa kwambiri, hopu achepe ulendo wamawa.
Ulendo wamawawo ndi ine.
Hopu ndachepetsa. Ukuwawabe.

Pamsomali papachikidwa nkhata yamitengo,
timitengo tolumana ngati msana wa nsomba,
ndipo m'mipata mwake mwauma yisiti,
yotuwa, yosaoneka ngati kanthu.
Yagona kuyambira chilimwe.
Bambo anaitenga kwa azakhali awo kutsidya kwa phiri,
azakhaliwo kwa munthu wina amene dzina lake linatayika.
Mlendo akanaiona akanaipukuta ndi nsanza.

Ankati yisiti ndi gonthi,
siidzuka ndi ulemu, imafuna mfuu.
Ankagwira m'milomo ya mgolo, n'kukuwa
mpaka supuni kunjenjemera m'khitchini,
ine kuseri kwa chitseko, zala m'makutu,
manyazi ngati anzanga akumva.
Pamaliro awo sindinalire.
Ndinkagawa khofi, ndinkafunsa amene akufuna shuga.
Chaka choyamba kufulula ndekha
ndinangonong'oneza mu mgolomo, ngati wopempha njira.
Mowa unatuluka wozizira mtima,
ndinauthira kuseri kwa nkhokwe ya nkhuni.

Lero ndaponya nkhata mu madzi otsekemerawo,
yamira, yayandama,
ndagwira m'milomo ya mgolo pomwe mtengo unasalala ndi manja awo,
ndakoka mpweya wonse wa mausiku asanu aja
ndipo ndakuwa.
Si dzina, si mawu.
Galu wa a Torleiv wayankha kutsidya kwa mpanda.

Posakhalitsa kugogoda.
A Torleiv, fosholo m'manja, chipale m'ndevu:
Wavulala?
Ayi, ndikufulula.
Asuzumira pamakwerero, anunkhiza,
aima kanthawi osanena kanthu.
Oddvar ankafika patali kuposa apo, atero,
koma wayesetsa.
Lachiwiri ndibwera ndi kapu yanga.

Ndafunditsa mgolo bulangeti lakale la pasofa.
Ndatsuka mphika, ndakolopa, ndataya masese kwa nkhosa zawo.
Tulo sitinabwere, thupi linazolowera kuyenda usiku.
Cha m'ma folo koloko ndatsikanso, wopanda nsapato,
ndaika khutu pa bulangeti
monga ndimachitira pachifuwa cha wodwala
amene sindikufuna kumudzutsa.

Poyamba zii.
Kenaka, pansi penipeni, phu.
Kachetechete wautali.
Phu, phu.

Ndayatsa nyali, ndafufuza pensulo,
inali m'thumba la epuloni, yonyowa.
Pansi pa dzanja lawo ndalemba nthawi,
ndi mawu amodzi: wadzuka.