Chinjoka Choyamba, Chinjoka Chachiwiri

Dzina lake lenileni linkatipinda lilime,
ndiye tinkangoti Chinjoka.
Kompyuta ya Aufi, kuseri kwa kashopu kotchajira mafoni ku M'baluku,
fani yake ikulira ngati chigayo,
makwacha zana pa ola.
Twaibu kumanzere, ine kumanja, kiyibodi imodzi:
iye kuyendetsa miyendo, ine kugwetsa lupanga.
Msilikali mmodzi pagalasi, eni ake awiri.

Gemu yoyamba ija inali yonyansa, tisanamizane.
Mitu yonse ngati njerwa,
mfumukazi kuyankhula pakamwa pali chitsekere,
nkhalango yonse mtengo umodzi wobwerezabwereza.
Mapu munalibe.
Tinajambula tokha kumapeto kwa kope la masamu:
apa chitsime,
apa phanga la mfiti ya diso limodzi,
apa osapita, tafapo kanayi.
Ulendo unkasungika pachitsime pokha,
ndiye magetsi akathima muli pakati pa chipululu
thukuta la Loweruka lonse linkapita ndi mdima,
Aufi n'kumaseka: ndalama sibwerera, achimwene.

Yachiwiri yafika mwezi wathawu pa basi ya ku Joni,
m'katoni, pakati pa bulangete ndi nsapato za mayi,
ndi makina ake omwe.
Ndinainyamula pa kabaza kuwoloka mlatho wa Shire
nditaikumbatira ngati khanda.

Iyi ndiye ayi.
Mphepo imagoneka udzu.
Kavalo akaima mphuno zimafuka nthunzi.
Mamba a chinjokacho ungawawerenge limodzilimodzi
ngati a chambo cha pamsika.
Mfumukazi tsopano ali ndi milomo, ali ndi misozi,
amandipatsa mayankho anayi ndisankhepo
ndipo dziko limakumbukira chimene ndanena.
Kamuvi kagolide kamanditsogolera ngati mwana wa mkaka.
Sindinasocherepo.
Ndikafa ndimadzuka pomwe ndinagwera,
chishango chili chonyezimira, osataya kanthu.
Magetsi akathima imandidikira.

Pali chimene anakonza ndithu:
malupanga sathyokanso ngati mapesi,
wogulitsa mankhwala anasiya kutibera.
Koma ndani anawauza kuti achotse chitsime?

Mu yoyamba munali kamnyamata kosula mipeni,
kankatitsata kulikonse katasenza matumba athu.
Tinakatcha Kondakita.
Kankatsekereza pakhomo, kankagwera m'maenje,
Twaibu ankakatukwana m'Chiyao mpaka Aufi kutitulutsa.
Ndakafunafuna mausiku atatu m'dziko latsopanoli,
m'misika, m'ndende za pansi pa linga.
Dzana mayi wina wogulitsa makandulo wandiuza:
uja anatsikira kummwera,
ku migodi ya anthu afupiafupi,
amatumiza ndalama mwezi ukaoneka.

Ndinaseka ndekha.
Kenako ndinathimitsa, ndi kukakhala pakhonde,
kutentha kwa Okutobala kukutuluka m'malata,
azana ya ku Mpondasi ikubwera pamwamba pa madzi.

Kope lija ndalipeza theka.
Masamba ena mayi anakulungira zitumbuwa,
phanga la mfiti linapita ndi mafuta.
Latsala tsamba la chipululu,
pamene Twaibu analemba ndi bolopeni yofiira:
ukafika apa undidikire.

Lero watumiza mawu pafoni,
kumbuyo kwake magalimoto, chiyankhulo chimene sindichimva.
Wamaliza? Yabwino ndi iti?

Ndayamba kuyankha katatu, katatu ndafufuta.
Ndimuuza za udzu, za kavalo,
ndimuuza kuti ndalama yake sinapite pachabe.
Chimene ndikusowa poyambira n'chakuti
dzanja langa lamanzere silinaphunzirepo kuyenda.
Msilikali uja, ndi zovala zake zagolide,
pakati pa dziko lokongola chonchi,
amangogunda makoma,
kuzungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu,
lupanga lokha likutema bwinobwino
mphepo.