Mabotolo Awiri a ku Domwe

Ng'ombe ya achimwene Felizadu inafa Lachitatu,
mutu utaloza ku damu, thovu lili kukamwa.
Poisenda anapeza chiwindi chitatupa,
chakuda bii, chonyenyeka m'manja ngati chigumu chogona.
Dzuwa lisanapendeke dzina linali litapezeka kale:
Jelevaziyo Kambewa, amene anakangana naye za malire chaka chatha.

Ine sindinanene kanthu.
Ndinatunga madzi m'mabotolo awiri,
lina pomwera ng'ombe, kumene mphepo ya Okutobala imakankhira ndere,
lina pa dziwe la kuseri kwa sukulu,
n'kukwera chapa ya ku Tete
nditawafukata ngati ana odwala.

Pansi pa galasi lokuza zinthu
onse ndi obiriwira chimodzimodzi:
timadontho tounjikana m'mamina ake ngati mazira a chule,
topanda muzu, topanda tsamba, topanda kamwa.
Mapasa enieni.

Koma m'kadontho kalikonse muli ulusi wa malemba,
wopindapinda, cholowa cha makolo,
ndipo ulusi wa botolo loyamba uli ndi ndime khumi
zimene lachiwiri linataya kalekale,
monga banja la osula limaiwalira mvukuto.
Ndime khumizo zimadzutsa amisiri pa mzere:
uyu atola mkanda, uyu aupotokola, uyu apatsira mnzake,
ikwana isanu ndi iwiri,
womaliza amangirira mathero ku chiyambi.
Mphete.
Ilibe nsonga yoti moto ugwire n'kumasula.
Wiritsani madziwo mpaka nkhuni zithe:
kadontho kadzaphulika,
mphete idzatuluka yamphumphu.

Mkanda wachisanu uli ndi mchira wautali.
Ndiwo umalowa m'chiwindi
ngati kiyi wothyokera m'loko,
chitseko osatsekanso, osatsegukanso,
mizati igwera m'kati, magazi adzaza zipinda.

Chimene chinandikhazika pansi ndi ichi:
malembawa ndi akale kuposa ng'ombe,
kuposa nsomba, kuposa chilichonse chokhala ndi chiwindi.
Mphete sinasulidwire ife.
Ena amati ndi chishango cha kadontho dzuwa likakalipa,
ena amati ndi mbedza yokolera chitsulo cha m'madzi.
Sitikudziwa.
Ndipo mpweya tikupumawu
anayamba kuufuula ndi makolo a ndere yomweyi,
dziko likadali thanthwe ndi madzi.
Wotereyu mungamuzenge mlandu pa bwalo liti?

Ndinabwerera Loweruka, pepala lili m'thumba.
Njira yachidule imadutsa m'dimba la achimwene,
kachewere wobiriwira mochititsa kaso, wotsetserekera ku damu,
ngalande zikuyenda mwakachetechete,
matumba a feteleza opanda kanthu atayanikidwa pa mpanda.
Ndinawawerenga. Asanu ndi atatu.
Zimene mbatata inasiya m'mbale
madzi othirira anatsitsira kumunsi,
ndere inadya, inakhuta, inaswana,
kutentha kunachita zotsalazo.

Ndinawapeza pa khonde akunola chikwanje,
chikopa cha ng'ombe chitakhomedwa pansi ndi zikhomo, ntchentche zili ng'waa.
Pepala sindinalitulutse.
Ndinaika mabotolo awiri pa mpando.
"Achimwene, lozani la poizoni."

Anayang'ana nthawi yaitali,
anakweza lina ku dzuwa, analigwedeza, ananunkhiza.
Analoza la ku sukulu.

Ndinali ndisanapeze poyambira,
kaya pa mikanda, kaya pa matumba asanu ndi atatu aja,
pamene tinaona kumunsi kamtsikana ka Jelevaziyo
kakutsika ndi chigubu chachikasu,
kakukankha ndere ndi phazi kuti katunge poyera.

Sindikumbukira kuti chikwanje chinagwera pati.
Ndikukumbukira msana wa achimwene
ukudumpha mizere ya kachewere,
ndi mawu awo osasa akuitana dzina la mwanayo,
dzina limene sindinkadziwa kuti amalidziwa.