Choko cha a Namaona

Anabwerera ku Chitakale ndi sutikesi imodzi,
theka mabuku, theka mapepala odzaza manambala.
Abale ankayembekeza galimoto.
"Zaka khumi ndi ziwiri kunja,
mwapangako chiyani chogwirika?"
Iwo anati, "Ndimawerengera tinthu tosaoneka,
tochepa kuposa fumbi la choko."
Mlamu wawo anaseka mpaka kutsamwa kalongonda.

Ife a Fomu 3 tinawatcha Chiperoni,
poti ankayankhula mowaza, pang'onopang'ono,
koma pofika madzulo unali utanyowa.

Mu labu munali mabotolo atatu ndi chisa cha mavu.
Ndiye anatitengera pa mlatho wa Likhubula,
njerwa dzanja ili, kapeyala kakawisi dzanja linalo.
"Chiyambe kufika pansi n'chiti?"
Tonse tinabetchera njerwa.
Anataya.
Madzi analira kamodzi kokha.
Sanafotokoze kanthu,
anatisiya tikangane njira yonse yobwerera.

Usiku wina magetsi atathima
anatilozera nyenyezi pamwamba pa Chambe.
"Kuwala uko kunanyamuka
tiyi asanabzalidwe m'minda iyi,
makolo anu asanawoloke Ruo.
Mukuwerenga kalata yochedwa panjira,
woilembayo simudziwa ngati akadali pomwepo."

Funso lawolawo silinayankhidwe.
Zaka makumi awiri akulondola samu imodzi
ngati mlenje pa mapazi a gwape,
kenako anapeza kuti pa tsamba lachinayi
anaphatikiza pofunika kuchotsera.
Anatiuza okha, akupukuta magalasi ndi tayi:
"Lero ndadziwa njira ina yosafika."
Mawa lake anagula kope latsopano.

Pamaliro awo anthu analipo ochepa,
inali nyengo yothyola tiyi.

Ine ndimakonza njinga pa Limbuli.
Dzana ndinagula zitumbuwa,
mayi wake anandikulungira m'pepala.
Ndinazindikira seveni wodula pakati uja,
ndi tizilembo topendekera ngati chimanga champhepo,
mafuta atalowerera mpaka kuseri.
Sindinamve ngakhale mzere umodzi.
Ndinaliwongola ndi chikhatho,
n'kulikoleka pa msomali wa masipoko.

Lero mwana wanga Elube walipeza.
"Ababa, chilembo chopindika ngati mbedzachi
chimatanthauza chiyani?"
Ndamuyang'ana, ndayang'ana pepala.
Ndatseka shedi dzuwa likadali pamutu,
ndatola njerwa,
iye ndamupatsa peyala.
"Tiye ku mlatho wa Muloza.
Panjira undiuze chiyambe kufika n'chiti."