Mbewu ya Munthu wa Lendi

Ndaweruka yausiku ku chipatala chachikulu,
maso akuyabwa, malaya akununkha mankhwala,
koma sindigona.
Dzuwa la Julayi ku Zomba ndi mlendo wosakhalitsa:
likangosuzumira, yala msanga.

Ndayala thumba la feteleza pakhonde,
ndakhuthulapo makoko ouma
amene ndinawasiya dala
pamene anzawo tinkawadya zitheba.
Ndinawamangirira kansanza kofiira
ndi kuuza ana kuti apa dzanja ayi.

Mizere inayi yokha, kuseri kwa bafa,
pomwe madzi osamba amathera.
Ndiwo munda wanga wonse muno m'Chinamwali.

Mbewuyi sindinagule.
Anandipatsa Abiti Ndembo a ku Jali,
amene anagona milungu itatu pasimenti
pafupi ndi bedi la amuna awo.
Tsiku lobwerera kwawo, okha,
anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje
nandikhuthulira m'manja.
"Anesi, cha sopo ndilibe. Kadzaleni izi.
Sizichedwa kupsa, sizitha nkhuni."

Ndikufikisa makoko pakati pa zikhatho.
Akuthetheka, nyemba zikudumpha,
zofiira, zamawangamawanga,
ina yagudubuzika mpaka pansi pa ndowa
ndipo ndagwada kuifuna.

Kenako kusankha.
Yokwinyika uko. Yobooka uko.
Yakuda pamchombo uko.
Ntchito yake ndi ngati ya ku wodi,
kungoti kuno ndikapatula
palibe wondigwira mwendo kulira.

Ndaluma imodzi.
Ikati gwa ngati kamwala, ndiye kuti yatheka.
Lero dzino lalowa.

Nkhuku za a Matewere, eni nyumba,
zandizungulira ngati ndili nazo ngongole.
Cha m'ma leveni phiri lasowa,
chifunga chatsika, kamvula ka chiperoni kayamba kuwaza.
Ndanyamula thumba m'makona anayi
kukaliyala patebulo,
ndipo Chikaiko walembera samu zake pabondo.

Mawa lake chimodzimodzi.
Kutulutsa, kulowetsa, kutulutsa.

A Matewere anabwera Lachitatu, chipewa chili m'manja.
Mphwawo akukwatira, nyumba ikufunika
pakutha pa Seputembala.
Anayankhula mwaulemu ndithu.
Pochoka anaponda mzere wachiwiri osauona,
nanga panali chiyani, mapesi okhaokha.

Pa twente folo malipiro anali asanalowe.
Chikaiko anayang'ana lichero nthawi yaitali.
"Amayi, izi sizingakwane ndiwo za lero?"
Zikanakwana, mwana sananame.
Kamodzi.
Ndinamutuma kukakongola bonya pa okala,
anapita akukoka mapazi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi dzino linakana.
Ndinasefa phulusa la m'mbaula,
ndinasakaniza mpaka nyemba zinachita imvi
kuti anankafumbwe akafika apeze kowawa.
Botolo la mafuta ophikira, lotsukidwa, louma bwino,
silinadzaze n'komwe,
linalekeza pamwamba pang'ono pa theka.
Ndinamatapo pulasitala ndi kulemba ndi bolopeni
monga timalembera pa dzanja la khanda:
Abiti Ndembo, Julayi.
Dzina lenileni la nyembazi sindilidziwa.

Masiku ano ndikaweruka ndimayenda kufuna nyumba.
Matawale, Sadzi, Mpondabwino.
Eni ake amandionetsa zipinda,
mita ya magetsi, loko watsopano,
ine ndimapempha kuona kuseri.
Amadabwa ndikamakanda nthaka ndi nsonga ya nsapato.
Wina anati, "Mwataya chiyani, mayi?"
Ndinati palibe, ndikungoona.

Tsiku losamuka mabedi adzakwera lole,
mbale zidzagundana m'katoni,
china chidzasweka monga mwa nthawi zonse.
Botololi lidzayenda m'chikwama changa,
pakati pa chiphaso cha ntchito ndi makiyi achilendo.
Likamadzakhutchumuka panjira
Chikaiko adzandiyang'ana ndi diso lija.
Ndidzamuuza kuti adikire mvula.