Dzanja Langa Limayambira Kumanja

Bambo Chikakuda a pa Kamwendo andibwezera chikwangwani.
Akuti zilembo zanga zapendekeka
ngati amayi oyenda molimbana ndi mphepo ya mu Julayi,
ndipo S wa pa SITOLO ali ndi mchira wautali,
akufuna kuthawa pathabwa.
Ndalandira theka la ndalama, osayankha.
Ndikanayambira pati, dzuwa lili paliwombo,
penti ikuuma m'chitini?

Bambo anga, Che Twaibu, adafika ku Mchinji pa lole ya fodya
atakumbatira makina osokera kuchokera ku Namwera.
Mayi ankadutsa pachipata cha Mwami Lachitatu lililonse,
zitenje pamutu, korona m'khosi.
Adabwera kudzapinditsa nsalu imodzi yokha.
Nsaluyo idatha tsiku lomwelo,
koma nkhani yawo sidathe.

Motero kukacha bambo ankati, "Ali uli?"
mayi nkuti, "Muli tyani?"
ine nkuyankha m'Chichewa cha pamjigo
chimene onse awiri ankachiseka.
M'thumba la yunifolomu munkalira makwacha awiri,
ya kuno ndi ya uko,
dzina limodzi, mphamvu zosiyana.

Madzulo kumadrasa shehe ankandigwira dzanja
nkuliyendetsa kuchokera kumanja,
inki ya mwaye pathabwa losalala:
alifu woima ngati nsungwi,
baa wogona ngati lichero, kadontho kake pansi.
M'mawa mwake a Kamanga ankandigogoda zala ndi rula:
"Asiyatu, tsamba limayambira uku!"
Dzanja lidawamvera onse awiri.
Mpaka lero limaima kaye pakati pa thabwa
ngati mlendo pamphambano.

Lamulungu bambo ankatiperekeza mpaka pamtengo wa mbawa
nkutsalira pamenepo, akusenda nzimbe.
M'katimo ine sindinkamva ulaliki.
Ndinkayang'ana buluu wa chovala cha Maria
pomwe adasupuka paphewa.
Wobiriwira ndidamutenga pachitseko cha mzikiti,
wachikasu m'zigafa za fodya,
wofiira pazidendene za mayi akabwera kumalire.
Palibe sitolo yogulitsa mitundu imeneyi.
Ndimasakaniza ndekha pachivundikiro cha ndowa,
ndipo nthawi zina imatuluka matope.

Ku Namwera amati ndine mwana wa ku Zambia.
Ku Chipata amati kwabwera Myao uja.
Ndidalira nazo kale, pano ndimangofunsa madzi akumwa.

Tsiku lomwe bambo adatisiya
amuna adawanyamula msanga, dzuwa lisanapendeke.
Akwaya a mayi adakhala kuseri kwa nyumba,
mabuku a nyimbo ali chitsekere pamiyendo,
osadziwa ngati kuimba nkololedwa.
Kenaka mmodzi adayamba kung'ung'udza, pakamwa pali potseka,
ena nkumulandira,
nyimbo yopanda mawu, yosalakwira munthu.

Patapita masiku makumi anayi
amalume adandipatsa thabwa la pamanda.
Dzina lawo ndidaliyamba kumanja monga adandiphunzitsira shehe,
ndidaliyambanso kumanzere monga ankafunira a Kamanga.
Maina awiriwo adakumana pakati,
mchira wa ili utakola mwendo wa linzake.
Mayi, amene sadziwa kuwerenga ngakhale limodzi,
adayika chala pomwe adakumanirapo
nati, "Apa ndi pakhonde paja."

Ndiye mawa ndidzadzuka m'mamawa, Bambo Chikakuda.
Ndidzafuta thabwa lanu ndi penti yoyera,
ndidzayeza ndi rula, ndidzakoka chingwe,
zilembo zidzaima njo ngati apolisi a pachipata.
S ndidzamudula mchira.
Ndalama yotsalayo ndikuifuna, lendi sadikira.

Koma pansi pa B wa pa BWERANI
ndidzasiya kadontho kamodzi, kakang'ono.
Inu mudzayesa ntchentche yafera mu penti.
Mudzakanda ndi chikhadabo,
sikadzachoka.